Dzina la Kuchikazi la Don Tiburcio

Mu ofesi ya kaundula wa malo ya m'boma lathu, kumwera kwa Arizona kuno, munali tebulo lachitatu kuchokera pazenera limene aliyense ankadziwa kuti ndi la Delfina Bracamonte. Sikuti analigula ayi. Boma silinamulembe ntchito, ndipo pachitseko panalibe dzina lake. Koma mukanayesa kuikapo chikwama chanu m'mawa, mukanaona. Sankakalipa Delfina. Ankangoima pambali panu, rula ili m'manja, n'kumakuyang'anani mpaka muchotse nokha.

Ntchito yake inali yofufuza zikalata za malo. Munthu akafuna kugula nyumba kapena famu, kampani yotsimikizira malo inkatuma Delfina kuti akaone ngati wogulitsayo alidi mwini wake, komanso ngati palibe wina amene ali ndi gawo pamalopo, kaya njira, kaya chitsime, kaya mgodi wakale. Mabuku a mayina ndi amitundu iwiri, la opereka ndi la olandira. Iye ankayamba ndi mwini wa lero n'kumabwerera m'mbuyo, uyu anagula kwa uyu, uyo analandira kwa bambo ake, mpaka kukafika pa chikalata choyambirira. Akatero ankatsikanso njira yomweyo, kusakasaka m'buku la opereka chilichonse chimene mwini aliyense anapereka kwa ena pa zaka zimene malowo anali m'manja mwake. Dzina lililonse ankalitsata ndi rula, mzere ndi mzere, milomo ikugwedera ngati munthu amene akupemphera korona.

Anayamba mu 1955, ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Bambo ake anali atangomwalira ndi chifuwa cha kumgodi wa mkuwa, ndipo kunyumba kunatsala mayi ake ndi azing'ono ake atatu. Azing'onowo anakula n'kupita, wina ku Tucson, ena ku California. Delfina anatsala ndi mayi ake mpaka kuwaika m'manda. Amuna awiri anamufunsirapo, onse awiri anawafufuza m'mabuku, ndipo onse awiri anawakana. Anthu amati woyambayo anali atagulitsa munda umodzi kwa anthu awiri. Za wachiwiriyo sitinamve.

Nkhomaliro yake inali imodzimodzi tsiku lililonse, nyemba zokulunga m'totiya, mkate wopyapyala wa Chimekisiko, ndipo ankadyera m'galimoto yake yobiriwira pansi pa mtengo wa kuseri kwa khoti, chifukwa chakudya pafupi ndi mabuku iye ankachiyesa tchimo. Akabwerera ankasamba m'manja kawiri.

Tawuni yonse inkadziwa kuti pa zaka makumi atatu ndi chimodzi Delfina sanaphonyepo chikalata ngakhale chimodzi. Iye sankanena zimenezi ndi pakamwa pake. Anthu ena ndiwo ankanena, iye n'kumangowongola magalasi, osatsutsa. Kunyada kwina kumakhala kwachete chonchi, ndipo ndi kumene kumakhalitsa.

Amene ankamuseka pamaso ndi mmodzi yekha, Wanda Pruitt, kalaliki wa pakauntala, mayi wonenepa wa mawu aakulu amene ankadinda zikalata ngati akupha mphemvu.

"Iwe Delfina, tsiku limene udzafe tidzakutsekera m'buku 212," ankatero Wanda. "Ndi mmene muli malo."

"Buku 212 unalithyola msana ndiwe ndi manja ako a mafutawo. Ndidzagone m'chinthu chothyoka ine?"

"Eee, agogo a mapepala ayankhula!"

M'mwezi wa Malichi 1986, a Halvorsen, mwini wa kampani imene inkamupatsa ntchito zambiri, anamutuma kuti afufuze famu ya ng'ombe ya kutsidya kwa mtsinje wouma. Ogula anali anthu a kumzinda, ankafuna kumangapo nyumba za okalamba opuma pantchito. Delfina anakhalira famuyo masiku asanu ndi anayi. Eni ake anali asanu ndi awiri kuchokera kalekale, ndipo amene anakhalitsa nayo ndi bambo wina wolemekezeka, Don Tiburcio Celaya, kuyambira 1911 mpaka 1940. Anatsata dzina la Celaya m'buku la opereka chaka ndi chaka, sanapeze chokayikitsa. Analemba lipoti lake kuti pamalopo palibe gawo la munthu wina aliyense, n'kusaina pansi. Famu inagulidwa. Eni atsopano anamanga mpanda wa waya, pamsewu n'kuikapo chipata chachitsulo ndi loko wamkulu.

Tsoka silinunkha. Lolemba lina m'Juni, kunja kukutentha moti phula linkamata nsapato, mu ofesi muja munalowa mayi wokalamba wovala zakuda, ndodo kudzanja ili, chikwama cha pulasitiki kudzanja ilo. Anayankhula Chisipanishi chokhachokha pakauntala, Wanda n'kumangogwedeza mutu. Ngakhale akanamva, lamulo silinkalola akalaliki kufufuzira munthu kapena kumulangiza. Ntchito yawo n'kulandira chikalata, kudinda tsiku ndi ola, basi.

"Delfina, tabwera undithandize," anaitana Wanda. "Amayiwa akunena za manda, n'zokhazo ndatolapo."

Delfina anaika pensulo pamzere umene anafika n'kupita.

"Ndikuthandizeni chiyani, Doña?" anafunsa m'Chisipanishi, kuwatchula ndi dzina laulemu la amayi achikulire.

"Ndine Eduviges, mwanawe, mwana wa malemu Crisanto Moraga. Anditsekera njira."

Anafotokoza mosathamanga. M'kati mwa famu ya kutsidya kwa mtsinje muli manda a kwawo, kaphiri kakang'ono kokhala ndi mitanda khumi ndi isanu ndi iwiri. Mmenemo muli makolo awo, ana awo awiri amene anafa ali makanda, ndi amuna awo amene anawaika chaka chathachi. Pambali pa amunawo anasiya malo a iwo. Lamlungu anapita ndi maluwa, n'kupeza chipata ndi loko, ndipo mlonda anawauza kuti malowo ndi a eni ake tsopano, njira palibe.

"Ine zaka zanga ndi makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi zinayi. Akandikaniza kulowa ndili moyo, adzandilola ndili m'bokosi? Ndikagone kuti ine, pakati pa alendo?"

"Muli ndi pepala lililonse, Doña?"

"Linapsa ndi nyumba, kale. Koma abambo analibweretsa muno. Ndinabwera nawo pangolo, ndinali nditakwatiwa kale. Chaka chimene kunafa ng'ombe ndi chilala. Don Tiburcio anawapatsa njirayo ndi dzanja lake, n'kubwera nalo pepala muno kudzadinditsa."

Delfina anamva dzina la famu, anamva dzina la Don Tiburcio, koma mtima sunagunde. Ankadziwa zimene analemba m'Malichi. Okalamba ambiri amabwera ndi mapepala amene alipo m'mutu mwawo mokha. Kungofuna kuwachitira ulemu, anawakhazika pampando n'kutsitsa buku la olandira la 1934, chaka cha chilalacho. Anatsegula pa chilembo cha M, n'kuyamba kutsitsa rula.

Rula inaima pamzere wachisanu ndi chitatu. Moraga, Crisanto. Njira. Buku 61, tsamba 340. Ndipo m'danga la wopereka munalembedwa ndi dzanja lokongola kwambiri kuti, Ronquillo, T. C.

Ronquillo anali yani? Anakatenga buku 61. Chikalata chinalimo, chonse bwinobwino, njira ya ngolo kuchokera pamsewu wa boma kukafika kumanda, kwa Crisanto Moraga ndi ana ake ndi ana a ana ake mpaka kalekale. Pansi pake panali dzina lathunthu, Tiburcio Celaya Ronquillo.

Apa Delfina anazindikira chimene chinachitika. Anthu a kwathu kuno amanyamula mayina awiri, la kuchimuna patsogolo, la kuchikazi pambuyo, ndipo munthu amadziwika ndi la patsogololo. Don Tiburcio anali Celaya kwa aliyense. Koma tsiku limenelo, popeza nkhani inali ya manda, anasaina mwaulemu, ndi dzina la mayi ake lomwe. Kalaliki wa nthawiyo anaona mayina atatu, n'kuchita zimene mzungu aliyense amachita, kutenga lomalizira. Chikalata chinakagona pa chilembo cha R, kumene wofufuza Celaya sakanapondako.

Anatseka bukulo pang'onopang'ono. Doña Eduviges ankamuyang'ana kuchokera pampando paja.

"Mwapeza kanthu, mwanawe?"

"Mabuku ndi ambiri, Doña. Mubwere Lachinayi m'mawa."

Limenelo silinali bodza lenileni, komanso sichinali choonadi, ndipo Delfina ankadziwa. Anachita manyazi pomwepo, koma sanabweze mawu.

Lachiwiri anafika nthawi yake, n'kutsegula ntchito ina ya nyumba ya m'tawuni. Rula inkatsika, maso osaona kanthu. Zoti achite zinali poyera. Mayi uja sadziwa kuwerenga Chingerezi, loya alibe, ndipo akalaliki saloledwa kumufufuzira. Delfina akati palibe, ndiye kuti palibe, mayiyo apita kwawo, buku 61 libwerera pashelefu kukagona zaka zina makumi asanu. Akati chilipo, ndiye kuti lipoti la m'Malichi ndi labodza, ndipo pansi pa lipotilo pali dzina la munthu mmodzi.

Masana Wanda anabwera n'kukhala pakona ya tebulo, chinthu chimene ankadziwa kuti Delfina amadana nacho.

"Buku 61 walitsitsa katatu lero. Muli chithunzi cha chibwenzi chako?"

Delfina anamutembenuzira mabuku awiriwo, n'kuloza ndi rula. Wanda anawerenga apa, anawerenga apo, nthabwala n'kumuthera.

"Mayo ine. Ndi famu ija?"

"Yomweyo."

"Koma aise, cholakwa ndi cha ofesi ino, si chako. Amene analemba izi anafa kalekale. Aliyense akanaphonya."

"Amene analemba izi anachokera ku Ohio, sankadziwa. Ine ndine Delfina Bracamonte Leyva. Leyva, dzina la kuchikazi kwanga, anandichotsera aphunzitsi a sitandade wani, akuti silikwana pamzere." Anatsitsa buku lina n'kutsegula pa chikalata cha 1940, pamene Don Tiburcio ankagulitsa famuyo. "Taona apa wasainapa."

"Tiburcio Celaya."

"Pitiriza."

"Kachilembo ka R ndi kadontho."

"Ndinakaona m'Malichi. Ndinakaona ndi maso angawa, n'kudutsa. Ana a sukulu akabwera muno ndimawauza kuti dzina la Chimekisiko uzilitsata konse kuwiri. Ine ndinati ndikumudziwa Don Tiburcio, ndinamutsatapo kakhumi."

Wanda anayang'ananso kachilemboko. Kenako anatsika patebulo paja n'kunena motsitsa mawu, "Ine sindinaone kanthu, ngati ukufuna kuti ndisaone."

"Bwerera kukauntala kwako, kuli mzere."

Lachitatu m'mawa Delfina anawoloka msewu kupita kwa a Halvorsen. Anali munthu wamtali, waulemu, wokonda kuseka ndi mano okha. Anawerenga pepala limene Delfina anakopera, n'kuvula magalasi.

"Akudziwa ndani?"

"Ine."

"Ndi mayiyo?"

"Adziwa mawa."

A Halvorsen anapuma mozama. Anati zaka makumi asanu ndi ziwiri zadutsa popanda wofunsa pepalali. Anati maloya atha kukangana chaka chonse ngati chikalata cholembedwa pa dzina lolakwika chimamanga wogula kapena ayi. Anati ogulawo akoza kale mapu, ndipo njirayo ikudutsa pakati pa nyumba khumi ndi ziwiri. Kampani ndiyo idzayankhe.

"Sindikukuuzani kuti mubise, Mayi Bracamonte. Ndikungoti palibe amene anakutumani kuti mufufuzire mayi ameneyu."

"Ayi, palibe."

"Mukudziwa mmene tawuni ino ilili. Pofika Lachisanu aliyense akhala atamva."

"Mlandu suwola, bwana. Ukapanda kutuluka lero udzatuluka ndili m'manda, ndipo adzati ndinkadziwa."

Sanamuchotse ntchito, poti sanali wolembedwa. Anangomutsegulira chitseko mwaulemu kwambiri.

Lachinayi Doña Eduviges anafika ofesi isanatsegulidwe. Delfina anapempha Wanda kuti akopere tsamba 340 n'kulidinda chidindo cha boma. Kenako anatulutsa pepala lina limene analemba yekha n'kulumbirira, lonena kuti Ronquillo T. C. wa m'buku la 1934 ndi Tiburcio Celaya yemweyo, ndipo kuti njira ya kumanda ili pa famu yakutiyakuti. Analipereka kuti lilowe m'kaundula, pa mayina onse awiri. Wanda anamuyang'ana kaye, chidindo chili m'mwamba.

"Watsimikiza? Ndikamenya apa sichitulukanso."

"Menya."

Chidindo chinalira. Juni 19, nthawi ya 9:14 m'mawa.

Doña Eduviges analandira pepala lawo ndi manja awiri. Anapempha kuti awalozere pamene pali dzina la bambo awo, n'kulisisita ndi chala. Analira pang'ono. Atapukuta misozi, ukali unabwera.

"Mlonda uja anati munthu wa mapepala anafufuza zonse asanagule, sanapeze njira. Munthu wanji ameneyo? Ali ndi maso kapena mabatani? Iwe waipeza kosachedwa. Chitsiru chimenecho, Mulungu achione!"

Wanda sanamve Chisipanishicho, koma anaona nkhope ya mnzake n'kuwerama. Delfina anangowalembera dzina la loya wothandiza anthu osauka, n'kuwaperekeza pakhomo.

A Halvorsen sananame. Pofika Lachisanu nkhani inali itafika ku banki, ku tchalitchi ndi kometa tsitsi. Amene kwa zaka zambiri ankati Delfina saphonya ndi omwewo anayamba kunena kuti ng'oma yolira sichedwa kung'ambika. Anthu ndi otero, amakukweza okha, akamakutsitsa n'kumati unakwera wekha. Foni ya kunyumba kwake inangoti zii. Kampani ya a Halvorsen inatenga wofufuza wina wa ku Tucson, ndipo makampani ena awiri amene ankamupatsanso ntchito anatsatira. Delfina ankabwerabe m'mawa uliwonse patebulo lake. Ankagwira tintchito ta anthu wamba, anansi olimbirana mpanda, ana ofuna kudziwa ngati nyumba ya agogo inalembedwa. Tsiku lopanda ntchito ankatsitsa mabuku akale n'kumatsata payekha mayina a kuchikazi a eni malo onse amene anawafufuzapo. Zinkamuwawa, ndipo sankabisa kuti zikumuwawa. Anawonda, anasiya kuyankha nthabwala za Wanda.

Maloya anakokanakokana miyezi inayi. Pomaliza eni famu anasuntha nyumba zawo pa mapu, n'kuvomera kupereka kiyi wa chipata kwa banja la a Moraga. Kiyiyo anafika kumapeto kwa Okutobala.

Pa 2 Novembala, tsiku lokumbukira akufa, Doña Eduviges anatumiza mawu kuti akufuna Delfina ndiye awatengere kumanda. Mdzukulu wawo anali ndi galimoto, koma iwo anati ayi, amene anapeza njira ndiye ayambe kuiponda. Delfina anafuna kukana, anasowa chifukwa. Anawatenga m'mawa, kumbuyo kwa galimoto atadzaza nkhata za maluwa a pepala, khasu, tsache ndi zigubu za madzi.

Njira yonse mayiwo ankayankhula. Za amuna awo amene ankakonda khofi wowawa, za ngolo ya bambo awo, za Don Tiburcio amene anali woumira pa china chilichonse kupatula pa maliro. Atawoloka mtsinje wouma uja, chipata chinaoneka, mayiwo n'kukumbukira mkwiyo wawo.

"Taona chitsulochi. Miyezi isanu amuna anga osawapalira, chifukwa cha munthu mmodzi waulesi. Ndimamutemberera m'mawa uliwonse ndikamaliza mapemphero. Iwe umamudziwa, eti? Mumagwira ntchito imodzi. Ndiuze dzina lake, ndizimutchula bwino."

Delfina anaimitsa galimoto pachipata n'kuzimitsa injini. Manja anawasiya pachiwongolero.

"Ndine, Doña."

"Ati?"

"Amene anafufuza famuyi asanagule ndine. Ndinaona dzina la mayi ake a Don Tiburcio, sindinalitsate. Ndinasaina kuti njira palibe. Ndipo tsiku lija munabwera, ndinachipeza nthawi yomweyo chikalata chanu. Ndinakuuzani kuti mubwere Lachinayi chifukwa ndinkaganiza zokubisirani."

Doña Eduviges anamuyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kutsitsi mpaka kumanja. Sanakalipe, sanamwetulire. Kunja mphepo inkagwedeza maluwa a pepala kumbuyo kuja.

"Ndiye ndakhala ndikupempherera iwe madzulo, n'kumatemberera iwe yemweyo m'mawa."

"Inde, Doña."

"Ha! Mulungu ndamusokoneza mutu."

Anapisa m'chikwama cha pulasitiki chija, anafufuza pansi pa mipango, n'kutulutsa kiyi womangidwa pa chingwe chofiira. Anamuika pa ntchafu pa Delfina.

"Tsika ukatsegule, manja anga salimba. Ukabwera uyendetse pang'onopang'ono. Ulendo uno uyione bwino njirayi, chifukwa tsiku langa likafika udzatsogolera galimoto ya maliro ndiwe."

Delfina anatsika. Loko anali wouma ndi fumbi, anavuta, koma anatseguka. Njira inali itamera zitsamba, mikwingwirima ya matayala ikungooneka apo ndi apo, ndipo anaiyenda yonse pa giya yoyamba.